Madzi Akuda a M'khola Langa

Kalata inandipeza ndili m'khola, tsache lili m'manja. Anabwera nayo ndi a Ephraim, wapampando wa komiti ya ukhondo ya dera lathu kuno ku Chinsapo. Sanalowe pakhomo. Anaima kunja, kampango kali pamphuno, n'kundipatsira pamwamba pa mpanda ngati munthu woponyera fupa galu wolusa.

"Masiku khumi ndi anayi, a Rabson," anatero. "Madzi a m'khola mwanuwa akapitiriza kuyenda m'njira, nkhumba zichoke. Komiti yagwirizana choncho."

"Yagwirizana ndi ndani? Ine munandiitana?"

"Kawiri konse. Munati mulibe nthawi yomvera anthu osowa chochita."

Mawu amenewo ndinanenadi. Ndinapinda kalatayo n'kuiika m'thumba.

Nkhumba zimene ankanenazo zinali zisanu. Kwa munthu wodutsa ndi nkhumba basi. Kwa ine ndi zonse zimene ndinatsala nazo. Ndinakanda matope a simenti pa ntchito za zomanga zaka makumi awiri, msana mpaka kupindika. Kenako ndinalondera nyumba za anthu ku Area 18 zaka khumi ndi chimodzi. Mawondo atayamba kukana, anandiuza mwaulemu kuti, "Madala, kapumeni." Kuti popumapo ndizidya chiyani, sananene. Ndinagula kankhumba kamodzi kakakazi n'kukatcha Penshoni, chifukwa ina ndinalibe. Nthawi imene kalata inkabwerayi Penshoni anali ndi bere, kutatsala milungu itatu kuti aswe.

Kokazisunga kwina kunalibe. Kumudzi ku Mitundu malo anga anagawana ana a achimwene kalekale. Nkhumba zikanachoka pano, zikanapita kwa ogulitsa nyama basi, Penshoni ndi bere lake lomwe.

Vuto lake linali ili. M'mawa uliwonse ndinkatsuka khola. Madzi osakanikirana ndi ndowe, mkodzo ndi madeya otsala ankatulukira pa bowo la kuseri, n'kutsata kangalande ka m'mbali mwa njira. Ankadutsa pa geti la anansi anga, Mayi Aminah, pomwe amakazingira mandasi ogulitsa. Akafika pafupi ndi chitsime chawo ankaima, n'kupanga chithaphwi chakuda bii, ntchentche zili ng'waa.

Ine sindinkaona chachilendo. Madzi amayenda kutsetsereka, sindinawalenge ndine.

"Ndi mayi ujayu," ndinauza mkazi wanga Vaileti masana amenewo. "Ndi Msilamu. Nkhumba amadana nazo. Wapeza njira yondithamangitsira."

"Bambo a Irene, mayiyo wagona ku chipatala ku Likuni masiku atatu. Kutsekula m'mimba. Anachita kumuika madiripi."

"Anadya zake zoipa."

"Ndipo mandasi ake anthu asiya kugula. Inu mungagule mandasi pamalo onunkha choncho?"

"Uli mbali yanga kapena ya komiti?"

"Ndili mbali ya mphuno yanga," anatero Vaileti, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake kunabwera mtsikana wa yunifolomu yabuluu pa njinga. Anati dzina lake ndi Thokozire, mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu. Pa kaliyala anamanga thumba laling'ono ndi mabotolo anayi apulasitiki opanda kanthu.

"Mwadzuka bwanji, abambo?"

"Ndadzuka. Mwabwera kudzawerenga nkhumba zoti mugawane?"

Anaseka. "Ine nyama ya nkhumba imandipatsa zidzolo. Ndabwera kuti nkhumba zanu zisachoke."

Ndakhala zaka zambiri padziko. Munthu wa yunifolomu akati wabwera kudzakuthandiza, gwira matumba ako. Koma Vaileti anali atamupatsa kale mpando.

"Ndikumba dzenje, madzi azilowa m'menemo. Nkhani yatha," ndinatero.

"Dzenje ndi lofunika, abambo, koma palokha silikwanira. Madzi awa ali ndi matope ambiri. Matopewo amamata m'mbali mwa dzenje ngati pulasitala, madzi amaleka kulowa pansi, dzenje limasefukira. Muyenera kuyamba mwachotsa matopewo."

"Ndiwachotse ndi chiyani? Ndi supuni?"

Anamasula thumba lija. Munali timiyala toyera tonga mchere wa mibulu.

"Uyu ndi alamu. Ndi mtundu wa mchere wochokera m'miyala, koma sadya. Amene amayeretsa madzi a m'mipopi amagwiritsanso ntchito yemweyu. Zonyansa za m'madzi anuwa ndi tinthu ting'onoting'ono, topepuka, sitingamire patokha. Alamu amatisonkhanitsa. Timagwirana, timakhala timibulu, timalemera, kenako timamira. Pamwamba pamatsala madzi oyera."

"Nanga akatha alamuyo?"

"Amagulitsa m'masitolo a mankhwala a zaulimi ndi za madzi m'tauni. Thumba ili ndi loyambira, likukwanirani pafupifupi milungu itatu."

Apo ndinati ndagwira mbava. Kukupatsa kaye kaulere kuti uzolowere, kenako uzikagula kwa mlamu wake. Ndinaimirira.

"Ine ndikupita ku chigayo kukatenga madeya. Nkhumba sizidya nkhani."

Ndinamusiya akuthira madzi a m'khola m'mabotolo aja, Vaileti atagwada pambali pake ngati mwana wa sukulu. Nditabwerako ndinapeza mtsikanayo atapita. Pakhonde panatsala botolo limodzi. Pansi pake panali matope akuda okwana zala zitatu. Pamwamba panali madzi oti ukayang'ana ukuona mpanda kuseri kwake.

"Wasintha madzi," ndinatero.

"Ndinali pomwepo, bambo a Irene. Ndi madzi a Penshoni omwewa. Anathira muyeso wosiyana m'botolo lililonse kuti aone woyenera madzi athu. Ili ndi limene linayera bwino. Wawerengera kuti pa mgolo wathu wabuluu uja, kapu imodzi ya tiyi yakwana."

Sindinavomere ndi pakamwa. Koma masiku anali kuyenda, ndipo nzeru ina ndinalibe.

Ntchito ya manja ndiye sindifuna mphunzitsi. Ndinamanga kachithaphwi ka simenti kuseri kwa khola koti madzi azigweramo, pakamwa pake n'kumangapo chiguduli chosefera zinyalala zikuluzikulu. Mgolo wabuluu ndinaukweza pa njerwa. Ndinaubowola pawiri: bowo lina chapakati lotulutsira madzi oyera, lina pansi penipeni lotulutsira matope. Ndinakumba maenje awiri kumapeto kwa poloti, kutali ndi chitsime. Lina ndinadzazamo miyala kuti lizimwa madzi, lina la matope. Zonsezi zinanditengera masiku asanu, mawondo akulira.

Tsiku limene ndinamaliza, kunabwera uthenga wa maliro a azakhali a Vaileti ku Dedza. Akumanga katundu, Vaileti anandibwerezera malangizo a Thokozire aja ngati akuphunzitsa katekisimu.

"Muyambe mwasesa ndowe zouma musanathire madzi. Alamu kapu imodzi, musungunule kaye m'ndowa. Mukathira mu mgolo, mutakase mwamphamvu pang'ono chabe. Kenako pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Kenako muwasiye adikhe. Mwamva?"

"Ndinayamba kusakaniza zinthu iwe usanamere mano."

"Kapu imodzi, bambo a Irene."

Atapita ndinakhala pansi n'kuganiza. Moyo wanga wonse ndaona miyeso ya anthu. Wogulitsa nyemba amagogoda mbale pansi kuti ilowe zochepa. Kapitawo amalemba matumba khumi a simenti, pa ntchito n'kufika asanu ndi awiri. Munthu akakuuza kuti imodzi yakwana, dziwa kuti zitatu wasungira kwawo. Ndinati mtsikana uyu akufuna madzi anga ayere mwa theka, komiti idzapeze chifukwa. Ine sandipusitsa.

Ndinathira makapu anayi.

Ndipo zotakasa pang'onopang'onozo ndinati ndi ulesi wa anthu a mu ofesi. Zaka makumi awiri ndinaphunzira kuti chosakaniza chimafuna mphamvu. Wokanda matope mwaulesi kapitawo amamubweza pa geti. Ndinatenga mpini wa fosholo n'kuvundula mgolo uja mpaka thukuta kamukamu, osapumira. Ndikayang'ana n'kuona timibulu tayamba kuoneka, ndinkati ndi mabumphu, ndiye ndinkawonjezera mphamvu kuti tiphwanyike.

Madzi anakhala ngati thobwa lowonongeka. Ndinadikira mpaka masana. Thobwa lomwelo.

Mawa lake ndinachita chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Madzi amatopewo ndinkawatsanulira m'dzenje la miyala lija, poti kwina kowataya kunalibe. Tsiku lachinayi dzenje linakana kumwa. Linasefukira, madzi n'kupeza njira yawo yakale, kudutsa pa geti la Mayi Aminah ngati akupita kwawo.

Ndinayang'ana m'thumba la alamu. Munatsala makapu atatu okha. Masiku otsala analinso atatu, kuwerengera la komiti lomwe.

"Ndinanena ine," ndinauza Penshoni. "Bodza lokhalokha."

Penshoni anangogona chammbali, mimba ili uko, akupuma movutikira. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Ogulitsa nyama ndimawadziwa. Sayang'ana bere, amayang'ana sikelo.

M'mawa wa tsiku la khumi ndi chiwiri ndinadzazanso mgolo. Ndinati ndithira onse atatu otsalawo, zikakanika zikanike. Ndinayamba ndi kuvundula madzi okhaokha ndi mkwiyo, mpini ukugunda m'mbali mwa mgolo, gu, gu, gu.

"Che Rabson, mukumanga nyumba mu mgolomo?"

Ndinatembenuka. Mayi Aminah anali ataima pa njerwa kuseri kwa mpanda, mutu wokha ukuoneka, mpango wobiriwira uli kumutu. Anali ataonda ndithu. Zaka zinayi tinakhala moyandikana, koma mawu athu sankapitirira moni.

"Mwabwera kudzaseka, amayi?"

"Ndikanafuna kuseka ndikanaitana anzanga, tikanabwera ndi mipando. Masiku anayi ndakhala ndikumva mgolo ukulira ngati ng'oma. Mukuthira makapu angati?"

"Zikukukhudzani?"

"Madzi ake akudutsa pakhomo panga. Angati?"

"Anayi."

Anagwira pakamwa. "Anayi! Mtsikana uja ananena imodzi. Ndinali pano pomwe, ndinamva. Botolo limene anathiramo wambiri linakhala loyera ngati mkaka wosukuluka, silinadikhe bwino. Inu munali mutathawira ku chigayo."

"Sindinathawe."

"Chabwino, munapita mothamanga. Tamverani, Che Rabson. Ine kwathu ndi ku Machinga. Nthawi ya dzinja madzi a mumtsinje ankafiira ngati dothi la katondo. Amayi anga ankasinja nthangala za chammwamba n'kuthira mu mtsuko. Pambuyo pake tinkagula alamu yemweyu pa sitolo. Ndakula ndikuyeretsa madzi ine. Madzi safuna ndewu. Timibulu timene mukutiphwanyato ndi timene mukutifuna."

Ndinaima, mpini uli m'manja. Mawu amenewo anandilasa. Masiku anayi ndinakhala ndikuphwanya ndi manja anga chinthu chimene chinkafuna kundipulumutsa.

Komabe mtima wanga ndi wouma. "Nanga inu mukundithandiziranji? Si inu mukufuna nkhumbazi zichoke? Chipembedzo chanu chimadana nazo."

Nkhope yawo inasintha. Kuseka kuja kunatha.

"Nkhumba sindidya, sindikhudza. Zimenezo ndi za ine ndi Mulungu wanga. Koma zaka zinayi zakhala zikulira kuseri kwa mpanda uno, munandimvapo ndikudandaula? Chimene chinandigoneka ku Likuni si chipembedzo, Che Rabson. Ndi madzi. Ine ndikufuna chitsime changa ndi makasitomala anga. Inu mukufuna nkhumba zanu. Mgolo umenewo ukayera, tonse tapeza."

Ndinatsamiritsa mpini pa mgolo. Ndinangoti, "Ndiye nditani?"

"Eya, tsopano mwafunsa ngati munthu. Ine madzi amenewo sindiwayandikira, koma maso ndili nawo. Kapu imodzi. Yosefukira ayi, yofika pamlomo basi. Sungunulani m'ndowa ya madzi abwino."

Ndinatero. Dzanja linkayabwa kufuna kuwonjezera kachiwiri.

"Ndikukuonani," anatero. "Bwezani thumbalo uko."

Ndinathira mu mgolo.

"Tsopano ndewu yanu ija, ichiteni. Koma muwerenge mpaka sikisite basi."

Ndinavundula ndi mphamvu zanga zonse, ndikuwerenga mokweza. Pa sikisite anakuwa, "Basi! Tsopano pang'onopang'ono, ngati mukuyendetsa mwana wodwala. Ine ndikukaika mandasi pamoto. Ndikaphula kawiri, ndikuuzani muleke."

"Wotchi ndili nayo."

"Wotchi yanu inakuthandizani chiyani masiku anayi?"

Anatsika pa njerwa paja. Ndinamva mafuta akulira m'chiwaya kuseri. Ine ndinkazunguza mpini pang'onopang'ono, manyazi ali tho, ndikupemphera kuti anzanga akale a pa zomanga asadutse n'kundiona ndikusisita madzi.

"Koyamba!" anakuwa Mayi Aminah.

Ndinayang'ana mu mgolo. Timibulu tija tinayamba kuoneka, ting'onoting'ono ngati mapira. Ndinatisiya. Tinakula ngati nyemba. Tinayamba kugwirana, kukhala ngati thonje lakuda loyandama. Pakati pa timibuluto ndinayamba kuona mipata ya madzi.

"Kachiwiri! Chotsani mpini. Vindikirani. Musakhudze mpaka azana ya masana italira ku mzikiti."

"Ndingosuzumira pang'ono?"

"Pitani mukasese khola lanu, Che Rabson."

Sindinaonepo m'mawa wautali ngati umenewo. Ndinasesa khola kawiri. Ndinakonza chitseko chimene sichinawonongeke. Mawu a ku mzikiti atangomveka, ine amene ndimapemphera ku mpingo wina ndinathamanga ngati akuitana ine. Ndinavundukula mgolo.

Ndinaona nkhope yanga. Ndevu zoyera, chipewa chong'ambika, zonse. Kupyola nkhopeyo, pansi patali, matope akuda anali atagona phee.

Ndinatsegula bowo lapakati. Madzi anatuluka oyera, ofiirira pang'ono ngati tiyi wopanda masamba okwanira. Fungo linalipo, koma loti uchite kuweramira. Ndinatunga m'botolo n'kulikweza pamwamba pa mpanda.

Kuseri kunamveka nthungululu.

Madzulo ake ndinafukula dzenje la miyala lija, ndinapala matope onse amene anamata m'mbali, n'kubwezeramo miyala yotsuka. Ndinathira madzi oyera aja. Dzenje linamwa onse ngati munthu wochokera ku ulendo. Matope a mu mgolo ndinawatulutsira m'dzenje lachiwiri, n'kuwaza laimu pamwamba monga Vaileti ananenera, laimu yemwe uja timapakira nyumba. Ntchentche zinabwera, zinazungulira, zinabwerera.

Mawa lake ndinachitanso, kuti ndione ngati sanali mwayi chabe. Kapu imodzi, sikisite, mandasi kawiri. Madzi anayeranso. Vaileti anafika kuchokera ku maliro n'kupeza njira youma. Anayang'ana mgolo, anayang'ana thumba la alamu lotsala pang'ono kutha, anayang'ana ine.

"Thumba la milungu itatu lija ndi limeneli?"

"Makoswe," ndinatero.

"Makoswe a ndevu zoyera," anayankha Mayi Aminah kuseri kwa mpanda. Akazi awiriwo anaseka mpaka kugwira mpanda. Ndinawasiya aseke. Anali ndi chifukwa.

Tsiku la khumi ndi chinayi komiti inafika cha m'ma thu koloko masana. A Ephraim anali patsogolo ndi kampango kawo. Pambuyo pawo panali a Jones, mlembi wa komiti, ndi Thokozire akukankha njinga. Anthu a m'njira mwathu anabweranso ambiri. Ndikuwadziwa, ankafuna kuona nkhumba zikukwezedwa pa ngolo.

A Ephraim anayenda m'njira monse akuyang'ana pansi. Fumbi lokhalokha. Pa chithaphwi chija ndinali nditathirapo dothi ndi zidutswa za njerwa. Anachotsa kampango pamphuno, ananunkhiza uku ndi uku, n'kukaika m'thumba.

"Mwina simunatsuke khola masiku awiri kuti mutipusitse," anatero a Jones.

Kunena zoona, funso limenelo ndinalikonda. Ndi limene ndikanafunsa ine.

"Lowani muone."

Khola linali lonyowa, lotsuka m'mawa womwewo. Ndinawatengera ku mgolo. Ndinali nditasunga botolo la madzi a m'mawawo ndisanathire alamu, akuda bii. Ndinaliika pa njerwa. Kenako ndinatsegula bowo lapakati n'kudzaza botolo lina. Ndinawaika pamodzi.

Anthu anati, "Aaa!" Ena anaombera m'manja. Mayi wina anati ndi matsenga. Thokozire anayang'ana dzenje la miyala, anayeza ndi mapazi kutalika kwake kuchokera ku chitsime, anasuzumira m'dzenje la matope, n'kugwedeza mutu movomereza.

"Abambo, mwamanga bwino kuposa mmene ndinajambulira."

"Kumanga ndiye musandiphunzitse," ndinatero. "Zinazo anandiphunzitsa ndi Mayi Aminah."

Mayi Aminah anali ataima pa geti lawo, patali ndithu. Anthu anatembenuka kuwayang'ana, ena kukamwa kuli yasa.

Pamenepo a Jones anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Chisangalalo chitawakwera, anatola kapu ija ndimayezera alamu, n'kutunga madzi pa bowo.

"Awa ndiye oyera kuposa amene timagula pa kiyosiki! Mpaka munthu kumwa!"

Kapu inali itafika pachibwano. Ndinaimenya ndi dzanja, inakagwera uko.

"A Jones, mwapenga? Ndi madzi a nkhumba amenewo!"

"Koma ayera."

"Ayera m'maso. Ine zaka zonsezi sindinakhulupirirepo munthu chifukwa wavala malaya oyera. Ndiyambe lero ndi madzi?"

Anthu anaseka, koma Thokozire anakweza dzanja kuti amve onse.

"Abambo anena zoona, ndipo aliyense amve bwino. Alamu amachotsa matope ndi fungo lambiri. Sapha tizilombo tonse toyambitsa matenda. Madzi awa si akumwa, si ophikira, si otsukira mbale, si osambitsira ana. Musathirirenso ndiwo zodya zosaphika. Ndi otsukiranso khola, othirira nthochi ndi mitengo, otsalawo alowe m'dzenje la miyala kutali ndi chitsime. Matopewo awole m'dzenje miyezi ingapo asanapite ku munda. Ndipo mukatha kugwira ntchitoyi, sambani m'manja ndi sopo."

A Jones anapukuta chibwano ndi malaya, maso ali pansi.

"Nanga chitsime changa?" anafunsa Mayi Aminah.

"Mawa tibwera kudzachikapa ndi kuthiramo klorini, amayi. Koma madzi akumwa muzitungabe pa kiyosiki mpaka titayeza n'kukuuzani."

A Ephraim anakambirana ndi anzawo pang'ono, kenako anatembenukira kwa ine.

"A Rabson, komiti yaona. Nkhumba zikhale. Koma tizibwera mwezi ndi mwezi."

"Muzibwera. Kampango kaja muzikasiya kunyumba."

Vaileti analuluta. Ine sindine munthu wovina, koma ndinalowa m'khola n'kukanda Penshoni kuseri kwa khutu nthawi yaitali, kuti anthu asaone nkhope yanga.

Mawa lake ndinakwera minibasi kupita m'tauni kukagula alamu. Ndinalowa m'masitolo atatu osiyana, ndikufunsa mochenjera ngati akumudziwa mtsikana wina dzina lake Thokozire. Palibe amene ankamudziwa. Mlamu uja ndinamupeka ndekha m'mutu mwanga.

Patatha sabata imodzi Penshoni anaswa ana khumi ndi mmodzi, onse amoyo. Pa geti la Mayi Aminah anthu ayambiranso kuima pamzere m'mawa. Mayiwo nkhumba sanazionebe ndipo sadzaziona, koma tsiku lililonse ndikagogoda mgolo amayankha kuseri kuti, "Ndaika pamoto!" Tsiku lina mbale ya mandasi inadutsa pamwamba pa mpanda. Ndinaitembenuza kaye uku ndi uku, poti chizolowezi sichitha msanga. Kenako ndinadya onse.

A Gilford a kumtunda, amene amaweta nkhumba zisanu ndi zitatu, anabwera kudzaona mgolo wanga. Anafunsa kuti athire makapu angati. Ndinawauza kuti ayitane a zaumoyo ayambe ayeza madzi awo m'mabotolo, chifukwa khola lililonse lili ndi muyeso wake. Anati iwo angothira ambiri kuti zichite msanga. Ndinawakhazika pansi n'kuwafotokozera za makoswe a ndevu zoyera.

Tsono inu anzanga oweta ziweto m'tauni muno, kaya ndi nkhumba, nkhuku kapena ng'ombe za mkaka, mverani kwa munthu amene anatsala pang'ono kutaya zonse. Madzi a m'khola mwanu asatuluke pa poloti panu ali akuda, chifukwa kumene akupitako kuli chitsime cha munthu. Sesani ndowe kaye, sefani, thirani alamu pa muyeso umene a zaumoyo akuyezerani, osawonjezera. Takasani mwamphamvu pang'ono, pang'onopang'ono nthawi yaitali, kenako asiyeni adikhe. Akayera musamwe. Ndipo mnansi akadandaula, pitani mukaone chimene chikudutsa pakhomo pake musanamupekere chifukwa china. Ine ndinakayikira mtsikana wa zaumoyo, ndinakayikira komiti, ndinakayikira mayi wa kuseri kwa mpanda. Woyenera kumukayikira anali atagwira mpini wa fosholo.